N'chifukwa chiyani khomo la mpweya la ndege zina limasuntha pomwe la zina silisuntha?

Funso

Ndine wophunzira zamakina ndipo ndimakonda kuonetsetsa zithunzi za ndege. Ndaona kuti ndege zonyamula anthu zili ndi khomo lozungulira chabe kutsogolo kwa injini, lopanda chilichonse choyenda. Koma ndege yankhondo ya MiG-21 ili ndi chinthu chosongoka pamphuno chomwe akuti chimatuluka ndi kubwerera, ndipo Concorde inali ndi zitseko mkati mwa khomo. Kodi cholinga n'chakuti injini ipeze mpweya wambiri ikamathamanga? Amazipanga bwanji kuti zisathyoke? Nanga bwanji F-35, yomwe ndi yatsopano, ilibe zimenezi?

Yankho

Tichotse kaye ganizo lakuti khomo limasuntha pofuna kuti injini imeze mpweya wambiri. Ambiri amaganiza choncho, nanenso ndinkaganiza choncho ndisanakhale pansi n'kuwerengera ndekha. Ndege ikamauluka pa liwiro loposa la phokoso, mpweya susowa ayi. Umabwera wochuluka, nthawi zambiri woposa umene injini ikufuna, komanso umabwera pa liwiro limene injini singaulandire. Ntchito ya khomo ndi kuuchepetsa liwiro popanda kuuwonongera mphamvu, n'kutaya wotsalawo mwadongosolo. Zosuntha zonse mwaonazo zinabadwa chifukwa cha ntchito ziwirizi.

Liwiro la ndege timaliyerekeza ndi la phokoso, ndipo nambala yake timaitcha Mach, potengera dzina la Ernst Mach. Mach 1 ndi liwiro la phokoso lenilenilo: pafupifupi makilomita 1,225 pa ola pansi pano, ndi makilomita 1,060 kumwamba kozizira kopitirira mamita 11,000. Kutsogolo kwa injini ya jeti kuli compressor, mizere ya timapiko tozungulira timene timapanikiza mpweya usanafike moyakira mafuta. Compressor ndi yovuta kuisangalatsa. Imafuna mpweya uzifika pankhope pake pa Mach 0.4 mpaka 0.5, wosalala, wofanana mbali zonse, kaya ndege yaima pabwalo kaya ili pa Mach 2. Mukaipatsa mpweya wosokonezeka, timapiko timalephera kuugwira, ndipo mpweya umene unapanikizidwa kale umabwerera kutsogolo ndi kuphulika ngati mfuti. Imeneyo ndiye surge. Muisunge m'mutu, tikumana nayonso.

Ndege yonyamula anthu imauluka pa Mach 0.8 kapena 0.85. Kuchoka pamenepo kufika pa 0.5 si nkhani. Ndiponso pa liwiro limeneli mpweya wa kutsogolo umamva msanga kuti ndege ikubwera, chifukwa uthenga wa pulesha umayenda pa liwiro la phokoso ndipo umaisiya ndege m'mbuyo. Mpweyawo umayamba kudzikonza wokha usanafike pakhomo: umene injini ikufuna umalowa, wotsala umalambalala pamlomo wonenepa wozungulira uja. Palibe chifukwa chosunthira kanthu. Komabe mukaona zithunzi za Boeing 707 kapena 747 zoyambirira zikunyamuka, muona timazenera tatseguka kuzungulira khomo. Tinali tizitseko ta masipuling'i totseguka tokha injini ikamakoka mwamphamvu ndege isanathamange. Pambuyo pake anatichotsa n'kunenepetsa mlomo.

Ndege ikadutsa Mach 1, uthenga uja sufikanso kutsogolo. Mpweya umangodzidzimuka ndege yafika, ndipo umasintha liwiro, pulesha ndi kutentha mwadzidzidzi pa kamzere kopyapyala kwambiri kotchedwa shock wave. Ine ndiziti funde. Ngati mukufuna kuona chofanana nacho ndi maso, tsegulani mpope madzi agwere pambale yafulati. Pakati madzi amathamanga ali opyapyala, kenako pa mzere wozungulira amatukumuka mwadzidzidzi n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Onetsetsani pa mzerepo: pali chithovu ndi chipwirikiti, ndipo mphamvu imene yathera m'chipwirikitimo sibwereranso. Wonjezerani madzi, mzere uthawira kunja. Chepetsani, ubwerera mkati. Funde la m'khomo la ndege limachitanso chimodzimodzi, limayendayenda malinga ndi mmene injini ikukokera.

Khomo wamba, longoyang'ana kutsogolo ngati payipi, limaimitsa mpweya ndi funde limodzi loima chilili. Onani mtengo wake. Pa Mach 1.3 mumataya 2 peresenti yokha ya pulesha imene mukanapeza. Pa Mach 1.5 mumataya 7. Pa Mach 2 mumataya 28, ndipo pa Mach 3 mumataya 67. Peresenti iliyonse yotayika pakhomo imadya yoposa peresenti imodzi ya mphamvu yokankha ndege. Ndiye mukuona kuti mpaka cha pa Mach 1.6 munthu akhoza kupirira, koma kupitirira apo khomo wamba likukubera mafuta masana dzuwa likuswa mtengo.

Mankhwala ake anawalongosola katswiri wa za kayendedwe ka mpweya Klaus Oswatitsch m'chaka cha 1944: osaimitsa mpweya kamodzi n'kamodzi, koma pang'onopang'ono, ndi mafunde angapo ofooka. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mukaika chinthu chopendekeka m'njira ya mpweya wothamanga, chimabala funde lopendekeka, limene limachepetsa liwiro pang'ono osawononga zambiri. Tiyeni tiwerengere pa Mach 2. Ikani thabwa lachitsulo lopendekeka madigiri 15. Funde lake limatsitsa mpweya kufika pa Mach 1.45 n'kudya pafupifupi 5 peresenti. Kenako funde loima chilili limamalizitsa pa Mach 1.45, pomwe ndi lofooka, n'kudyanso 5 ina ndi kachidutswa. Mwatsala ndi 90 peresenti m'malo mwa 72. Thabwa limodzi lokha! Mukaonjeza lachiwiri mumayandikira 95. Thabwa limeneli amalitcha ramp, ndipo chosongoka cha MiG-21, chotchedwa cone, ndi ramp yomweyo yongozunguliridwa.

Nanga lisunthirenji? Chifukwa kupendekeka kwa funde kumasintha ndi liwiro. Ramp ya madigiri 10 imabala funde la madigiri 57 pa Mach 1.5, la madigiri 39 pa Mach 2, ndi la madigiri 27 pa Mach 3. Inu mukufuna fundelo likagwere pamlomo penipeni pa khomo. Likagwera kutsogolo, mpweya wambiri umatayikira kunja ndipo ndege imakanizidwa ngati ikukoka chinthu. Likalowa mkati mwa mlomo, compressor imalandira mpweya wamitundu iwiri nthawi imodzi. Palinso china: liwiro lililonse lili ndi malire a mmene mpweya ungakhotere. Pa Mach 2 malirewo ndi madigiri 23, pa Mach 1.5 ndi 12 okha. Ndiye ramp yathu ya madigiri 15, yomwe inatisangalatsa pa Mach 2, pa Mach 1.5 yapyola malire. Funde limachoka pansonga pake n'kukaima kutsogolo ngati loima chilili. Ramp yosasuntha imakhoza pa liwiro limodzi lokha.

Chifukwa chachiwiri ndi njala ya injini, imene simayenda limodzi ndi kukula kwa khomo. Woyendetsa akabweza mafuta pa liwiro lalikulu, injini imafuna mpweya wochepa, funde loima chilili limakankhidwira kunja, ndipo likapitirira limayamba kulowa ndi kutuluka kambirimbiri pa sekondi. Ndege yonse imanjenjemera. Imeneyi amaitcha buzz, ndipo imatha kung'amba zitsulo. Kutentha kwa kunja kukasintha, njalanso imasintha. Ponyamuka vuto limatembenuka: injini ili ndi njala yoopsa, ndege sinathamange, ndipo mlomo wakuthwa umene umafunika pa Mach 2 umadula mpweya woyamwidwa kuchokera m'mbali. Apa pokha ndi pamene ganizo lanu lija likulondola, pakufunikadi khomo lowonjezera. Eurofighter Typhoon imagwetsa mlomo wake wapansi pa chifukwa chimenechi.

Tsopano ku zitsulo, komwe ndikuganiza kuti ndiko kuli mtima wa funso lanu.

Pali mabanja awiri. Loyamba ndi la cone yoyenda chamtsogolo ndi chambuyo. Ubwino wake ndi wakuti chinthu chozungulira chimapirira pulesha popanda kulemera kwambiri, ndipo kayendedwe kake n'kamzere umodzi: njanji zotsetserekapo ndi chokankhira chimodzi cha haidiloliki, basi. Pa MiG-21 zoyambirira cone inali ndi malo atatu okha: yobwerera mkati mpaka Mach 1.5, yapakati kufika Mach 1.9, ndi yotuluka yonse kupitirira apo. Imatuluka chifukwa funde likamagona ndi liwiro, nsonga iyenera kutalikira kuti fundelo lisalowe m'kamwa. Mirage III ya ku France inadula cone pakati n'kuika theka mbali iliyonse ya thupi. Afalansa amazitcha souris, kutanthauza mbewa. Kuipa kwa banjali n'kwakuti kupendekeka kwa cone sikusintha, mumangosuntha malo ake, ndiponso ndege ikadzutsa mphuno kwambiri, cone imaphimba mbali imodzi ya khomo.

Banja lachiwiri ndi la khomo langodya zinayi lokhala ndi maramp a mahinji. Ndi la F-4 Phantom, F-14, F-15, MiG-25 ndi Concorde. Apa mumasintha kupendekeka kwenikweniko komanso kukula kwa mmero, malo opanikizika kwambiri a khomo. Koma makoma afulati sapirira pulesha ngati ozungulira, choncho amafuna nthiti zambiri, ndipo kulemera kumakwera.

Ndikhalitse pa Concorde, chifukwa kwa ine palibe khomo lina loganiziridwa bwino chotere. Ndegeyi inauluka koyamba pa 2 March 1969 ku Toulouse, inayamba kunyamula anthu mu 1976, n'kupuma mu 2003. Inali ndi mainjini anayi a Olympus 593, iliyonse ndi khomo lakelake, ndipo m'mamita osakwana 4 khomolo linkatsitsa mpweya kuchoka pa Mach 2 kufika cha pa Mach 0.5. Mukaima kutsogolo kwa khomo lake m'nyumba yosungirako ndege zakale n'kuyang'ana kudenga kwake, muona maramp awiri. Yakutsogolo hinji yake ili kutsogolo, yakumbuyo hinji yake ili kumbuyo, ndipo mapeto awo amayang'anizana koma sakhudzana. Pali mpata pakati. Pansi pa khomo pali chitseko chachikulu chotsegukira kunja, chotayira mpweya, ndipo mkati mwa chitseko chomwecho muli kena kakang'ono kotsegukira mkati.

Ponyamuka maramp ankakhala atakwera kudenga kuti mmero ukule, ndipo kachitseko kakang'ono kaja kankatseguka kokha chifukwa cha kuyamwa kwa injini. Ndege ikafika pa Mach 1.3 maramp ankayamba kutsika. Injini ikazima pa Mach 2, maramp ankatsikiratu, chitseko chachikulu n'kutseguka, kuti mpweya wonse umene wasowa kolowera upeze njira.

Koma nzeru yeniyeni ili pa mpata uja. Funde lomaliza linkakhala cha pamenepo, ndipo mpweya wina unkatulukira pampatapo kulowa m'chipinda cha pamwamba pa maramp, n'kudutsa m'mbali mwa injini kukaiziziritsa, n'kukatulukira kumbuyo. Injini ikachepetsa njala pang'ono, wambiri unkangodzera pampata. Ikawonjeza, wodzera pampata unkachepa. Kusintha kwakung'onokung'ono kunkadzikonza kokha popanda bauti imodzi kusuntha. Mainjiniya achinyamata amathamangira kuika mota ndi sensa pa vuto lililonse. Kuno anangosiya bowo pamalo oyenera.

Mudzamva anthu akunena kuti pa Mach 2 khomo la Concorde linkapereka 63 peresenti ya mphamvu yokankha ndege, injini 8 yokha, ndipo kotulukira utsi 29. Manambalawo ndi oona, koma asakusokonezeni. Akungonena pamene pulesha ikukankhira zitsulo. Khomo linkachulukitsa pulesha kopitirira kasanu ndi kawiri, ndipo mpweya wopanikizikawo unkakankha makoma ake chamtsogolo. Zimitsani injini muone ngati 63 ija itsale. Kwa wopanga zitsulo tanthauzo lake ndi ili: mphamvu yambiri yokoka ndege ikudutsa m'makoma a khomo ndi m'mahinji ake.

Tiyerekeze ramp ya sikweya mita imodzi, ndipo pulesha ya pansi pake ikuposa ya pamwamba ndi theka la pulesha ya mpweya umene tikupumawu. Katundu wake ndi matani 5. Imeneyo ndi nthawi yamtendere. Injini ikachita surge, funde lamphamvu lotchedwa hammershock limathamanga kuchokera ku compressor kupita kukhomo, ndipo m'kuphethira kwa diso pulesha imatha kuposa kawiri ya nthawi zonse. Choipa n'chakuti limamenya ramp kuchokera kumbuyo, mbali imene masiku onse sikumenyedwa. Mu 1971, Concorde yoyamba yoyeserera ili pafupi ndi Mach 2, surge inathothola ramp yakutsogolo ya injini imodzi, zidutswa zina n'kulowa m'injinimo. Ndegeyo inatera bwino, koma zogwirira maramp anazilimbitsa. Choncho kukula kwa hinji, shafti ndi zogwirira sikuchokera pa ulendo wabwinobwino; kumachokera pa kachigawo ka sekondi kamene mwina sikadzachitika n'komwe pa moyo wa ndegeyo.

Chokankhira chimakhala cha haidiloliki, chifukwa mphamvu zotere m'malo opanikiza chonchi n'zovuta kuzipeza mwanjira ina. Ndege zambiri zimagwiritsa ntchito pulesha ya 3,000 psi (mapaundi pa sikweya inchi iliyonse), Concorde inkagwiritsa 4,000. Pali njira ziwiri: pisitoni yokankha mwachindunji, kapena mota yozungulitsa magiya ndi shafti kukafika ku ma screw jack, omwe ndi jeke wa mazinga ngati wonyamulira galimoto. Pisitoni ndi yachangu ndi yopepuka, koma oyilo akatha ramp imatsala yolendewera pokhapokha mutaika loko. Jeke wa mazinga amachedwerapo, koma mazinga akakhala oyandikana katundu sangamubweze, ndipo mota ikafa ramp imaima pomwe inali. Ramp yaikulu imafuna majeke angapo olumikizidwa ku shafti imodzi kuti aziyenda mofanana. Wina akatsogola, ramp imapotoka n'kukanirira pakhoma.

Mdani wachete ndi kugwedera. Pini iliyonse, giya iliyonse ili ndi kampata kake, ndipo timipatati tikaphatikizana nsonga ya ramp imatha kusewera mamilimita angapo. Pa chitseko cha nyumba zimenezo si kanthu. M'khomo la ndege mamilimita amenewo amasuntha funde, funde limasintha pulesha, pulesha imakankhanso ramp, ndipo kugwedezeka kumadzidyetsa kokha mpaka chitsulo chitatopa n'kuchita ming'alu. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti kusuntha ramp n'kosavuta, chovuta ndi kuiimitsa nji pamene mwaiika. Sensa yoyeza malo a ramp iyeneranso kukhala pafupi ndi ramp yeniyeniyo, osati pa mota, apo ayi kompyuta izikhulupirira kuti zonse zili bwino shafti itathyoka kale.

Kenako kutentha. Pa Mach 2 mpweya woimitsidwa umafika cha pa madigiri 120, ngakhale kunja kuli madigiri 56 kunsi kwa ziro. Aluminiyamu amatalika pafupifupi mamilimita 2.3 pa mita iliyonse akatentha ndi madigiri 100, ndiye khomo la mamita atatu lakula ndi mamilimita 7, pomwe shafti yachitsulo mkati mwake yakula ndi theka lokha. Mpata wa pakati pa ramp ndi khoma lam'mbali uyenera kukhala wokwanira kuti ramp isakanirire kukatentha, komanso wosadutsa mpweya kukazizira. Amaikapo zotsekera zotsetsereka, ndipo zimenezi zimaperepeseka ndi kusinthidwa kawirikawiri. Lamulo lina losakambirana: chilichonse chili m'khomo chili kutsogolo kwa compressor. Nati imodzi ikamasuka yapita m'timapiko. Choncho mabauti amamangidwa ndi waya kapena amaikidwa mitu yake kunja kwa njira ya mpweya, ndipo makaniko amalowa m'khomo ndi tochi, matumba a ovolosi ali opanda kanthu.

Pali kampweya kena kaulesi komata pakhungu la ndege, kotchedwa boundary layer. Funde likakagunda, kamanyamuka pakhoma n'kusokoneza zonse. N'chifukwa chake khomo la ndege zambiri zankhondo limatalikirana ndi thupi ndi kampata, ndipo ramp ya F-4 ili ndi timabowo masauzande toyamwira kampweyaka.

SR-71, ndege ya ku America yochita ukazitape, ndiyo inafika pothera. Inapangidwa ku kampani ya Lockheed motsogozedwa ndi Kelly Johnson, za khomo akuyang'anira Ben Rich, ndipo inauluka koyamba mu December 1964. Mu 1976 inafika makilomita 3,529 pa ola. Chosongoka chake, chotchedwa spike, chinkayenda mosemphana ndi cha MiG-21: kuyambira pa Mach 1.6 chinkabwerera m'mbuyo, masentimita pafupifupi 4 pa Mach 0.1 iliyonse, mpaka masentimita 66 onse. Chifukwa chake n'chakuti pa Mach 3 kupanikiza mpweya wonse kunja kungafune kuukhotetsa kwambiri, mlomo n'kukhala wopendekeka moti ungakanize ndege. Ndiye mbali ina ya kupanikizako inkachitikira mkati, mafunde akunjanja pakati pa spike ndi khoma, ndipo funde lomaliza linkakhala mkati, kuseri pang'ono kwa mmero. Spike ikamabwerera, kamwa linkakula pomwe mmero unkachepa kupitirira theka. Mpweya wofika pa injini ya J58 unkaloledwa kutentha mpaka madigiri 427, n'chifukwa chake zitsulo zake zinali za titaniyamu.

Walira mvula walira matope. Funde lokhala mkati limapereka pulesha yabwino koposa likakhala pafupi ndi mmero, koma likangodutsa mmerowo chamtsogolo silingaimenso. Limalavulidwa kunja nthawi yomweyo. Imeneyi ndi unstart. Mbali imeneyo mphamvu imatha, kukanizidwa kumakwera, ndipo popeza mainjini a SR-71 ali kutali ndi thupi, ndege inkapotoka mwankhanza moti zipewa za oyendetsa zinkamenya galasi. Kulimezanso fundelo sikungotheka, chifukwa mmero woyenera paulendo ndi waung'ono kuposa umene umafunika kuti funde lilowe. Arthur Kantrowitz anazilemba zimenezi mu 1945. Pamafunika kukankhira spike kutsogolo, kutsegula zitseko zotayira mpweya, funde lilowe, kenako kubwezanso pang'onopang'ono. Khomo lotere popanda zosuntha silingayambe n'komwe kugwira ntchito. Pa 25 January 1966, unstart ya khomo lakumanja pa liwiro lopitirira Mach 3, ndege ili pokhota ndiponso ikuyesedwa kulemera kwake kutasunthidwira kumbuyo, inachititsa SR-71 kusweka m'mwamba. Woyendetsa, Bill Weaver, anapulumuka; mnzake Jim Zwayer anamwalira.

Zonsezi munthu sangaziyendetse ndi dzanja. Makina olamulira amawerenga Mach, mmene mphuno yadzukira, liwiro la injini, ndi pulesha ya malo angapo m'khomo imene imaulula pomwe funde laima. SR-71 inayamba ndi makina a analogi, ndipo ma unstart anachepa kwambiri italandira a digito m'zaka za m'ma 1980. Concorde inali ndi makompyuta a digito awiri pa khomo lililonse, asanu ndi atatu onse pamodzi, imodzi ikugwira ntchito ina ikudikira, ndipo haidiloliki nayo inali ndi njira yachiwiri. Anali m'gulu la makompyuta a digito oyambirira kupatsidwa ulamuliro wonse pa chinthu chofunika chotere m'ndege yonyamula anthu. Funso limene wopanga amayamba nalo ndi lakuti: zikafa, ramp itsale pati? Ikatsala yotsika, mmero ndi waung'ono ndipo injini isowa mpweya potera. Ikathawira kudenga muli pa Mach 2, surge ndi yomweyo. Kawirikawiri yankho limakhala kuimanga pomwe ili, woyendetsa achepetse liwiro, kenako aikweze ndi njira yapadera.

Za F-35 tsopano muyankha nokha. Liwiro lake lalikulu ndi Mach 1.6, pomwe khomo losasuntha limataya zochepa. Zinaoneka kuti ndege zankhondo sizikhalitsa pa Mach 2, mafuta salola, ndiye kunyamula majeke, mapayipi ndi makompyuta moyo wonse chifukwa cha mphindi zowerengeka n'kutaya. F-16, ya 1974, inayamba kale kusankha khomo losasuntha pomwe F-15 ya nthawi yomweyo inali ndi maramp. Chitsanzo chomveka bwino ndi B-1, ndege yoponya mabomba ya ku America. B-1A inali ndi makomo osuntha ndipo inafika Mach 2.2, B-1B anaiika osasuntha, liwiro n'kutsikira pa Mach 1.25, posinthanitsa ndi kuvuta kuoneka pa radar. Mpata uliwonse, hinji iliyonse ndi m'mphepete mulimonse mwa ramp zimabweza radar, ndipo khomo loongoka limaonetsa timapiko ta compressor poyera. F-35 ili ndi chotupa pathupi kutsogolo kwa khomo, ndi mlomo wosongokera kutsogolo. Chotupacho chimabala funde lopendekeka ngati cone, komanso chimakankhira kampweya kaulesi kaja m'mbali. Anachiyesa koyamba pa F-16 mu December 1996, ndipo ndege zankhondo za JF-17 ndi J-20 zilinso nacho. Maonekedwe ake ndi osavuta, koma kuwapeza kunafuna makompyuta owerengera kayendedwe ka mpweya amene anthu a m'ma 1960 analibe.

Musaganize kuti makomo osuntha atha ntchito. Aliyense wofuna kukhalitsa pa Mach 2 kapena kuposa, makamaka atanyamula anthu olipira ulendo, adzabwereranso ku maramp ndi ma spike, chifukwa 28 peresenti ija sinasinthe. Ndiponso si chosuntha chilichonse chili cha mafunde. MiG-29 zoyambirira zimatseka makomo ake akuluakulu zikamayenda pansi, n'kumapumira pa timazenera ta pamwamba pa mapiko, kuopa kumeza miyala pa mabwalo osasesedwa. F-15 nayo, kuwonjezera pa maramp a mkati, khomo lake lonse lili pa hinji, limawerama ndi kudzuka kuti liziyang'anizana ndi mpweya ndege ikadzutsa mphuno. Mukapeza kanema wa F-15 ikulizidwa pabwalo, yang'anitsitsani khomo la mbali imene injini yayamba kulira: injiniyo ikangokhazikika, khomo limagwada pansi, linzake likadali chiimire.